Chisoni cha Amai Maria ndi Misozi ya Amai Athu

Ulaliki wa pa wailesi, pa chikumbutso cha Amai Maria Achisoni



Pa 15 Sepitembala chaka chilichonse Mpingo umakumbukira Amai Maria Achisoni. Tsikuli limatsatana ndi chikondwerero cha Mtanda Woyera, chimene timachita pa 14 Sepitembala, pakuti Mpingo ukationetsa mtanda, umafuna kuti tionenso munthu amene adaima patsinde pake. Mwambo wolingalira zisoni za Amai Maria udakula kwambiri pakati pa a chipani cha Atumiki a Maria, chimene amuna asanu ndi aŵiri adachiyambitsa ku Florence, m'dziko la Italy, m'chaka cha 1233. Iwo adaloledwa kuchita chikondwerero chimenechi mu 1668. Amene adachifalitsa ku Mpingo wonse ndi Papa Pius VII mu 1814, chaka chimene adabwerera ku Roma atakhala zaka pafupifupi zisanu ali wandende wa Napoleon. Papa Pius X ndiye adachikhazika pa 15 Sepitembala mu 1913. Zaka izi ndazitchula kuti akatekisti akhale nazo pophunzitsa. Nkhani yanga lero yagona pa funso limene limavuta mabanja athu: kodi mai wachikhristu akalira kwambiri mwana wake, ndiye kuti chikhulupiriro chake nchochepa?

Tonse tidakhalapo pa maliro a mwana. Mai ali m'siwa, anzake atammanga nsalu m'chiuno, mau atasasa ndi kulira, ndipo anthu a mtima wabwino amaloŵa mmodzimmodzi nkumati, "Musalire, mai, limbani mtima, ndi chifuniro cha Mulungu." Ena amaonjeza kuti mkhristu salira chotere. Mai uja akamva zimenezi amasenza akatundu aŵiri: chisoni cha mwana wake, ndi mantha akuti mwina misozi yake ikumchimwitsa pamaso pa Mulungu. Alipo amai amene amaleka kulandira Ukaristia miyezi yambiri mwana atamwalira, poganiza kuti mtima umene udafunsa Mulungu kuti "chifukwa chiyani" suyenera kuyandikira guwa. Tiyeni tiyang'ane Amai a Ambuye, tione ngati iwo akuvomereza maganizo ameneŵa.

Pa zithunzi timaona mtima wa Amai Maria utalasidwa ndi malupanga asanu ndi aŵiri. M'Malembo Oyera muli lupanga limodzi, lija adanena Simeoni, nkhalamba ya ku Yerusalemu, pamene Yesu anali wa masiku 40. Luka Woyera akusimba m'mutu 2 kuti Maria ndi Yosefe adabwera naye Mwanayo ku Nyumba ya Mulungu atatenga mbalame ziŵiri, nsembe imene Malamulo a Mose ankalola kwa anthu osatha kupeza mwanawankhosa. Linali tsiku lachimwemwe. Simeoni adanyamula khandalo nayamika Mulungu, kenaka adatembenukira kwa amai ake naŵauza kuti anthu adzamkana mwanayu, ndi kuti iwonso lupanga lidzaŵapyoza mumtima. Sadanene tsiku lake, sadanenenso njira yake. Amai Maria adabwerera kwao ndi khanda lathanzi m'manja ndi mau aja mumtima, ndipo adakhala nao zaka zoposa 30. Inu amai amene dokotala adakuitanirani pambali nkukuuzani za nthenda imene mwana wanu adzakhala nayo moyo wake wonse, chisoni ichi mukuchidziŵa: mwana akuseŵera pabwalo, inu mukusinja, mukuseka naye, koma mtima sukhala pansi.

Chisoni chachiŵiri ndi ulendo wa usiku wothaŵira ku Ejipito. Apa sindichulukitsa mau, pakuti a ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza akukumbuka bwino mmene nkhondo ya ku Mozambique, kuyambira zaka za m'ma 1980, idabweretsera kuno anthu okwana ngati miliyoni imodzi, amai atabereka ana kumsana, mphika uli pamutu. Koma tisaiŵale kuti m'masiku omwewo ku Betelehemu kudatsala amai ena amene sadachenjezedwe m'maloto, ndipo asilikali a Herode adaŵaphera ana ao. Mateyo Woyera pofotokoza zimenezi akutikumbutsa za Rakele, mai wa m'Chipangano Chakale, wolira ana ake ndi kukana kutonthozedwa. Mlembiyo samdzudzula Rakele. Mpingo umalemekeza ana aja pa 28 Disembala, patangopita masiku atatu chichitikire Khirisimasi, kuti nyimbo zathu zachikondwerero zisaphimbe kulira kwa amai ao.

Pa chisoni chachitatu ndi pamene timaŵamva Amai Maria akulankhula. Yesu ali ndi zaka 12, banja litapita ku Pasaka, adasoŵa. Makolo adayenda tsiku lathunthu akuyesa kuti ali m'gulu la abale, nabwerera, namfunafuna mpaka tsiku lachitatu. Atampeza pakati pa aphunzitsi, amai ake sadabise kuŵaŵa kwa mtima wao. Adamfunsa chifukwa chimene adaŵachitira zotere, namuuza kuti iwo ndi Yosefe adavutika kwambiri pomfunafuna. Yesu adayankha, koma Luka akunena poyera kuti yankholo sadalimvetse. Taganizani, abale anga. Mai wopanda tchimo adafunsa Mwana wa Mulungu kuti "bwanji", adalandira yankho osalimvetsa, nabwerera naye ku Nazarete kukapitiriza kumphikira ndi kumchapira, akusunga zonsezo mumtima. Ngati funso lotere silidadetse mtima wa Amai Maria, ndani angauze mai wa kwathu kuno kuti funso lake ndi tchimo?

Chisoni chimenechi ndi cha amai ambiri amene ana ao ali moyo koma adasoŵa. Wina adapita ku Joni zaka zisanu zapitazo, foni yake sigwiranso. Wina ali m'ndende. Wina ali pakhomo pomwepo, koma kachasu adamtenga. Monica Woyera, mai wa ku Thagaste, m'dziko limene lero timati Algeria, adalirira mwana wake Augustine zaka zambiri, namlondola kuoloka nyanja mpaka ku Milan. Augustine adabatizidwa ndi Ambrose Woyera pa Pasaka wa 387, ndipo Monica adamwalira chaka chomwecho ku Ostia ali ndi zaka 56. Iye adaona yankho la mapemphero ake asanatseke maso. Si amai onse amene amaliona pansi pano, ndipo sindifuna kukulonjezani zimene Mulungu sadalonjeze.

Akatekisti adziŵe kuti chisoni chachinai, kukumana kwa Yesu ndi amai ake pa njira ya ku Kalvari, sichidalembedwe m'Mthenga Wabwino. Chidachokera m'mwambo wa akhristu, ndipo timachilingalira pa chigawo chachinai cha Njira ya Mtanda. Mwana wa m'kalasi akafunsa kuti zili pa vesi iti, muuzeni zoona. Chimene chidalembedwa ndi chachisanu, ndipo tichipeza m'mutu 19 wa Yohane Woyera.

Yohane akuti amai a Yesu adaima pafupi ndi mtanda, pamodzi ndi akazi ena oŵerengeka ndi wophunzira uja Yesu ankamkonda. Petro panalibe, ndipo enawo anali atabalalika. Mtanda chinali chilango chimene Aroma ankapereka kwa akapolo ndi kwa oukira boma. Munthu ankafa pang'onopang'ono, atavulidwa zovala, pambali pa njira, kuti odutsa aone nachite mantha. Kuima pafupi ndi munthu wotere kunali kudziulula pamaso pa onse kuti ndiwe wake. Zaka zambiri m'mbuyomo, mngelo Gabriele adaŵauza Amai Maria kuti mwana wao adzakhala pa mpando wa Davide, ndi kuti ufumu wake sudzatha. Tsopano mpando uja ndi mtengo, chisoti chaufumu ndi minga. Zonse zimene maso ao ankaona zinkatsutsa zimene makutu ao adamva. Papa John Paul II adailingalira kwambiri mfundo imeneyi m'kalata yake ya 1987 yonena za Amai a Mpulumutsi, ndipo iye maliro ankaŵadziŵa: amai ake adamwalira mu 1929 iye ali ndi zaka 8, mkulu wake mu 1932, bambo ake mu 1941. Msonkhano waukulu wachiŵiri wa ku Vatican udaphunzitsa mu 1964 kuti Amai Maria naonso adayenda ulendo wa chikhulupiriro. Sadali ngati munthu woŵerenga buku limene akudziŵa kale mathero ake. Adayenda mumdima umene ifenso timayendamo.

Kodi adalira? Ambrose Woyera, yemwe uja adabatiza Augustine, ankati m'Malembo amapezamo za kuima kwao, koma za misozi yao sapezamo. Nyimbo yakale ya Stabat Mater, ya zaka za m'ma 1200, imene Mpingo umalola kuimba pa Misa ya tsiku lino, imaŵaonetsa ataima akukhetsa misozi. Ine ndiona kuti ziŵirizi sizitsutsana. Munthu angathe kukhala chilili misozi ili chuchuchu. Yohane adalemba chimene chidamdabwitsa. Kulira kwa mai pa imfa ya mwana wake sikudabwitsa munthu. Chodabwitsa nchakuti mai uyu sadathaŵe, pamene amuna amene adalumbira kuti adzafa naye limodzi anali atadzitsekera m'nyumba.

Zisoni ziŵiri zotsiriza, kulandira mtembo ndi kuuika m'manda, zidachitika mofulumira, chifukwa dzuŵa linali kuloŵa ndipo Sabata linali pafupi kuyamba. Manda anali a mwini wake, Yosefe wa ku Arimatea. Alipo amai pakati pathu amene ngakhale mwai umenewu sadaupeze. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ku Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu mazana ambiri adafa, ndipo enanso mazana ambiri mitembo yao sidapezeke. Mai amene alibe manda oti nkukapalira udzu, bala lake limachedwa kupola, ndipo tisamfulumize.

Mwina wina anena kuti, "Nanga Ambuye Yesu mwini wake sadamuuze mai wamasiye wa ku Naini kuti aleke kulira?" Adaterodi. Koma atangonena adakhudza chithatha, nadzutsa mnyamatayo, nampereka kwa mai wake. Iye adali ndi ufulu woletsa misozi chifukwa adali ndi mphamvu yobweza mwana. Ife mphamvu imeneyo tilibe. Ndipo Yesu yemweyo pa manda a Lazaro adalira, ngakhale ankadziŵa kuti amuukitsa. Paulo Woyera polembera Atesalonika sadaletse chisoni. Adaletsa chisoni chonga cha anthu opanda chiyembekezo. Makolo athu adati maliro nkulirana, ndipo pa mfundo imeneyi nzeru zao ndi Mthenga Wabwino zikuyendera limodzi.

Mau akuti "ndi chifuniro cha Mulungu" tiziŵatchula mosamala. Buku la Nzeru za Solomoni, m'mutu woyamba, limaphunzitsa kuti imfa sadaipange ndi Mulungu, ndi kuti Iye sakondwera amoyo akamatayika. Mwana akafa ndi malungo chifukwa mankhwala adasoŵa, kapena mai akataya khanda chifukwa galimoto idachedwa, tisafulumire kumsenzetsa Mulungu mlandu wa anthu. Mulungu angathe kutulutsa zabwino m'zoipa, monga adachitira pa Kalvari, koma zimenezi sizimsandutsa Pilato munthu wosalakwa.

Pali njira ina imene chisoni chimafuna kutulukira, ndipo njoopsa. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, usiku womwewo manong'onong'o amayamba: wamudya ndani? Ena amapita kukaombeza, ndipo kaŵirikaŵiri chala chimaloza gogo wina wosauka, wopanda womteteza, amene nayenso adaika ana ake m'manda. Tamva za agogo ogumuliridwa nyumba, ena kuphedwa kumene, kotero kuti maliro amodzi amabala ena. Amai Maria sadasoŵe kuombeza. Ankadziŵa amene adampereka Mwana wao, ankadziŵa amene adamuŵeruza, ndipo asilikali okhoma misomali anali pomwepo akuchita maere pa zovala zake. Komabe Malembo satchula temberero ndi limodzi lomwe lochokera pakamwa pao. Chimene chidamveka pa phiri lija ndi Mwana wao akupempherera omupha.

Tsopano tifike pa Loŵeruka. Lachisanu lili ndi zochitika zambiri, Lamulungu lili ndi aleluya, koma Loŵeruka lilibe kanthu. Mwala watsekedwa, anthu abwerera kwao. Masana a Loŵeruka Loyera Mpingo suchita Misa, guwa limakhala lopanda nsalu, m'tabernakulo mulibe kanthu. Kuyambira nthaŵi ya Alcuin, mphunzitsi wotchuka wa ku York amene adamwalira mu 804, akhristu akhala akupereka tsiku la Loŵeruka kwa Amai Maria, ndipo aphunzitsi ambiri adafotokoza kuti pa Loŵeruka lija chikhulupiriro cha Mpingo wonse chidatsala mumtima mwa mai mmodzi. M'maŵa mwa Lamulungu, pakati pa akazi amene adapita kumanda ndi zonunkhira kukadzoza mtembo, alembi satchula amai a Yesu. Satiuzanso kuti Ambuye atauka adaonekera kwa iwo, ngakhale Papa John Paul II mu 1997 adati nkwanzeru kuganiza kuti adatero. Chimene tidziŵa nchakuti adadikira.

Chiyembekezo chotere chifanana ndi moto umene amai amaufotsera ndi phulusa usiku. Malaŵi saoneka, nyumba sifunda, koma khala lili moyo. Ambiri a inu muli pa Loŵeruka limeneli, ena chaka chachitatu, ena chaka chakhumi. Ngati simutha kuimba, bwerani mudzangokhala pabenchi. Ngati simutha kupemphera, gwirani kolona m'manja, mau anene anzanu. Ndipo ngati mudaleka kulandira Ukaristia chifukwa chofunsa Mulungu mafunso, kaonaneni ndi ansembe sabata lomwe lino. Funso lanu silidakutsekereni khomo.

Wina angaganize kuti kudzipereka kwa Amai Achisoni ndi chithumwa chotchinga mavuto. Mbiri ya ku Kibeho, m'dziko la Rwanda, ikutichenjeza. Kuyambira pa 28 Novembala 1981 atsikana a pa sukulu ya kumeneko adanena kuti Amai Maria akuŵaonekera. Umboni wa atatu mwa iwo, Alphonsine Mumureke, Nathalie Mukamazimpaka ndi Marie Claire Mukangango, udavomerezedwa ndi Episkopi Augustin Misago wa ku Gikongoro pa 29 Juni 2001. Mpingo sukakamiza munthu kukhulupirira maonekedwe otere, koma umalola. Marie Claire adapatsidwa ntchito yofalitsa kolona ya zisoni zisanu ndi ziŵiri ndi kuitana anthu kuti atembenuke mtima. Mu 1994, pa nthaŵi ya chipululutso cha anthu a mtundu wa Tutsi, iye adaphedwa, ndipo pa parishi ya Kibeho pomwepo anthu zikwi zambiri amene adathaŵirapo adaphedwanso. Kolona sidamtchinjirize ku imfa, monganso kuyera mtima kwa Amai Maria sikudaŵatchinjirize ku Kalvari. Tchalitchi limene lidamangidwa pamalopo limatchedwa ndi dzina la Amai Achisoni, m'dziko limene amai a ophedwa ndi amai a opha anzao amagwada m'matchalitchi amodzimodzi.

Inu akatekisti, pali funso limene amai amakufunsani monong'ona, anthu atachoka: khanda limene lidamwalira lisanabatizidwe, kapena lobadwa lakufa, lili kuti? M'midzi yambiri maliro otere amaika amai okhaokha, mwakachetechete, ndipo mwini mwana amauzidwa kuti asalire. Katekisimu wa Mpingo wa 1992, pa ndime 1261, amatiphunzitsa kuti ana otere timaŵapereka ku chifundo cha Mulungu, ndi kuti tili ndi chifukwa choyembekezera kuti njira ya chipulumutso ilipo kwa iwo. Mpingo uli ndi mapemphero a maliro ao. Mu 2007 bungwe la akatswiri a zaumulungu ku Roma lidafotokoza chiyembekezo chomwechi mwatsatanetsatane, ndipo Papa Benedict XVI adavomereza kuti zifalitsidwe. Ubatizo wa ana tisauchedwetse, ndipo pa ngozi ya imfa munthu aliyense angathe kubatiza ndi madzi m'dzina la Utatu Woyera. Koma musauze mai kuti mwana wake adatayika, pakuti Mpingo sudakutumeni mau amenewo.

Asanamwalire, Yesu adapereka amai ake kwa wophunzira uja, ndipo wophunzirayo adaŵatenga kukakhala nao kwao. Adaŵasiyira munthu ndi nyumba. Buku la Ntchito za Atumwi, m'mutu woyamba, limaŵaonetsa Amai Maria ali m'chipinda chapamwamba akupemphera pamodzi ndi atumwi, Petro amene adamkana Mwana wao ali pomwepo. Ife pa maliro timachita bwino: a mu mphakati amabwera ndi ufa ndi nkhuni, kwaya imachezera kuimba, adzukulu amakumba manda. Koma akameta, abale atabalalika, mai uja amatsala yekha ndi timalaya ta mwana wake m'sutikesi, ndipo anzake akamuona pachitsime amasintha nkhani. Nthaŵi imeneyo ndiyo ya Yohane. Inu abambo, akazi anu akamalirabe patapita miyezi, musaŵakalipire, musathaŵirenso ku moŵa. Mwanayo anali wanunso, ndipo palibe lamulo la Mulungu loletsa mwamuna kulira pamodzi ndi mkazi wake. Mphakati uliwonse usankhe anthu aŵiri kapena atatu oti aziyendera mai wofedwa mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu. Musaope kutchula dzina la mwanayo. Mai amakondwa kumva kuti ena akumkumbukabe. Tsiku la imfa yake likamayandikira, mpempherani Misa.

Mukafika pakhomo, ngati mai alola, pempherani naye kolona ya zisoni. Ili ndi zigawo zisanu ndi ziŵiri. Pa chigawo chilichonse mutchule chisoni chake, munene Atate Athu kamodzi ndi Tikuoneni Maria kasanu ndi kaŵiri, ndipo pomaliza Tikuoneni Maria katatu polemekeza misozi ya Amai athu. Amene alibe kolona yotere aŵerenge ndi zala, kapena ndi njere za chimanga. Mai akayamba kulira pakati pa pemphero, imani mumdikire, ndipo akatha mupitirize pamene mudalekezera.